Mzimu Umene Anaupaka Ufa

Minibasi yopita ku Soche inali isanadzaze n'komwe pa siteji ya Limbe pamene kondakitala anaiyamba nkhani ija. Anaima pakhomo, anatong'ola maso, n'kutambasula manja ngati munthu wopapasa njira.

"Alufandikaaa! Ndabweraaa!" anakuwa ndi mawu onjenjemera.

Anthu onse anafa nalo phwete.

"Koma Mayi Ufa amandiwaza ine," anatero mayi wina amene anafukata thumba la matemba. "Dzulo kamwana kanga kadzipaka mgaiwa nkhope yonse, ati kakufuna kakhale Mayi Ufa. Ndimakakalipira koma ndikuseka."

"Ife ku bala kwathu mpira timathimitsa likayamba sewero limene lija," anatero mnyamata wina kumbuyo. "Koma amene analemba zimene zija anali atalawa, sizoona."

Daisy anakhala pawindo, atakumbatira chikwama chake. Foni inanjenjemera m'chikwamamo. Sanaitulutse. Ankadziwa kuti ndi Uzair, chibwenzi chake.

Sewero limene anthuwo ankaseka, lotchedwa Mboni za Kumanda, linatengedwa m'mabuku a bambo ake, a Gervazio, mphunzitsi wopuma ntchito wochokera ku Nsanje. Mabukuwo ankasimba za Alufandika, wapolisi wofufuza milandu amene ankathandizidwa ndi mzimu wa malemu mkazi wake. Koma m'mabukumo mzimuwo sunkaoneka, sunkakuwanso. Unkabwera ngati kafungo ka sopo wochapira, kapena kamphepo kogwedeza katani, ndipo Alufandika akamva zimenezo ankadziwa kuti wayandikira choonadi. A Gervazio anayamba kulemba mabukuwo atangoika maliro a akazi awo, a Dailesi, Daisy ali wamng'ono. Pabanjapo panalibe amene sankadziwa kuti mzimuwo unali ndani.

Tsopano pa TV mzimu uja unasanduka mzukwa wopaka zoyera mbuu, wodumpha kuchokera kuseri kwa zitseko, wolira ngati mphaka. Blantyre yense anaupatsa dzina: Mayi Ufa.

"Asisi apawindo, inu simuonera?" anafunsa kondakitala polandira ndalama.

"Ndilibe TV," Daisy ananama.

* * *

Kunyumba TV inalipo, koma inali yofundika nsalu ya patebulo. A Gervazio anakhala pampando wawo, magalasi ali pachipumi, ndipo pambali pawo panali Chrispine, mphunzitsi wachinyamata wa kutchalitchi kwawo, amene ankabwera kudzawawerengera nyuzi chifukwa maso awo anali atayamba kuchita chifunga.

"Mwaswera bwanji, Ababa? Mwaswera bwanji, a Chrispine?"

"Taswera, a Daisy," anayankha Chrispine, akuimirira kuti amulandire chikwama. Daisy anakana mwaulemu.

Bambo ake anaulumpha moniwo. Anangoti, "Ndinapita pa okala kukagula buledi. Ana a pamseupa anditsatira mpaka pageti. Ukudziwa amaimba chiyani?"

Daisy anagwetsa nkhope.

"Amati, 'Amuna awo a Mayi Ufa! Amuna awo a Mayi Ufa!' Amayi ako, Daisy. Munthu amene sanakwezepo mawu ngakhale pa nkhuku."

"Pepani, Ababa."

"Ukupepesa chiyani? Ndinasaina ndine. Dzanja linali langa." Anatsitsa magalasi aja n'kuwavala. "Kungoti ndinasaina chifukwa mwana wanga anati amamudziwa mnyamatayo."

Mawu amenewo anamupweteka kuposa kukalipa. Analowa kuchipinda, anakhala pabedi osavula nsapato.

Anakumbuka mmene anakumanirana ndi Uzair. Linali tsiku lina masana m'tauni, pa bambo wina wogulitsa mabuku akale pakhonde la sitolo mumsewu wa Victoria. Mnyamata wachimwenye, wamtali, malaya opinda m'manja, anali atagwira buku lothothoka chikuto ndipo ankalakatula ndime yoyamba pamtima kuti amugometse wogulitsayo.

"Mwalakwitsa," Daisy anamuuza. "Si 'mvula inagwa', ndi 'mvula inawaza'."

"Inu mukudziwa bwanji?"

"Analemba ndi bambo anga. Ndinalitayipa ndine pa kompyuta pamene ankalisindikizanso."

Uzair anatsala kukamwa kuli yasa. Kenako anamuuza kuti anawerenga mabuku onsewo ali ku sekondale, akubisa m'kati mwa buku la masamu, ndipo kuyambira pamenepo ankalota zodzawaika pa kanema. Anapempha nambala, ati ya bambo ake. Daisy anamupatsa yake.

Atabwera ku Soche, Uzair anavula nsapato pakhomo, anakana mpando n'kukhala pa kasitulu. A Gervazio anamukaniza mabukuwo tsiku limenelo, anamukananso ulendo wotsatira. Anali Daisy amene anagwada pambali pa bambo ake n'kunena kuti, "Ababa, ine ndikumudziwa. Sangawanyozetse amayi."

Foni inanjenjemeranso. Ulendo uno anaitsegula.

"Daisy, chonde. Ukanditukwane pamaso, osati kundikhalira chete chonchi."

"Sindidziwa kutukwana," analemba.

"Ndiye ubwere udzangondiyang'ana. Mawa masana, ku Sunnyside, pamalo athu paja."

Analemba kuti ayi, n'kufufuta. Analemba kuti aona, n'kutumiza.

* * *

Malo awo aja anali nyumba yakale imene anaisandutsa lesitilanti, matebulo ali panja pansi pa mitengo ikuluikulu. Uzair anali atafika kale. Ndevu zinali zosameta, ndipo tchipisi chimene anaitanitsa chinali chitazizira m'mbale.

"Wachepa," anatero Daisy atakhala.

"Sindikugona."

"Ababa nawonso sakugona. Fotokoza."

Uzair anapukusa mutu. "Gawo loyamba unaliona wekha. Tinalipanga monga mmene bukulo lilili. Ndiye unaona zimene anthu analemba pa Facebook? 'Sewero lanji lopanda mzimu?' 'Tangoonera katani ikugwedera, bola nyimbo za kwaya.' A wailesi ya kanema anatiitana, anati tikapanda kusintha atichotsa. Kingsford, amene amawongolera sewerolo, anati anthu akufuna kuona chinthu ndi maso. Papa, bambo anga, amene amalipira nthawi yathu pa TV, anagwirizana naye."

"Nanga iwe?"

"Ndinakana."

"Unakana mpaka pati?"

Uzair anayang'ana m'mbale ya tchipisi ija.

"Ndikufunse chimodzi," anatero Daisy. "Gawo lachiwiri lija, unaliona lisanaulutsidwe?"

"Ndinaliona."

"Ndipo unandisiya ndiitane anthu oyandikana nafe, ndigule zakumwa, ndiwakhazike Ababa kutsogolo atavala jekete."

"Ndinkaopa, Daisy. Ndinkati mwina sizioneka zoipa kwambiri. Ndinkati ndikuuza mawa, mawa lake n'kukhala mawanso."

"Anthu anaseka m'nyumba mwathu, Uzair. Anaseka, kenako anakumbuka kuti ali m'nyumba ya ndani, n'kuyamba kutuluka mmodzimmodzi osatsanzika."

Uzair anatambasula dzanja kuti agwire lake. Asanaligwire, kunamveka phokoso kugeti. Operekera zakudya anasiya matileyi n'kuthamangira mtsikana wina wovala magalasi akuda ndi diresi lofiira. "Mayi Ufa! Mayi Ufa, tijambulitse nanu!" Anali Lucy, amene ankasewera mzimu uja. Popanda zopakapaka zija anali chiphadzuwa, ndipo ankadziwa zimenezo.

Atatha kujambulitsa anabwera molunjika patebulo pawo, anaika dzanja paphewa la Uzair, n'kutola tchipisi m'mbale mwake.

"Uzi, foni yanga sukuyankha bwanji? Ndaona galimoto yako panjapo." Kenako anatsitsa magalasi n'kumuyang'ana Daisy kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Aa, uyu ndiye mwana wanga uja? Moni, mwananga. Ndine mayi ako ine, pa TV."

"Lucy!" anatero Uzair.

"Ndalakwa chiyani? Ndikungocheza." Anaseka. "Koma mwana wanga, uwauze madala asamadandaule. Mabuku awo aja anali atachita nkhungu m'mashelefu. Lero akugulidwa chifukwa cha ine. Bwenzi akundithokoza."

Daisy anaimirira. Anamuyang'ana Lucy m'maso. "Amayi anga anali a Dailesi. Inu simungakwane ngakhale m'patapata wawo."

"Ayi ndithu," anatero Lucy, osakwiya n'komwe. Anatembenukira kwa Uzair. "Jekete yako ija idakali kwathu. Udzaitenga liti?"

Daisy sanadikire yankho. Uzair anamuthamangira mpaka kumsewu akuitana dzina lake, koma iye anakwera kabaza woyamba amene anadutsa, ndipo sanacheuke.

* * *

Mameseji anabwera ambiri. "Jekete ndinamubwereka tikujambula ku Michiru, kunkazizira, anthu onse analipo." "Palibe chilichonse pakati pa ine ndi Lucy." "Ndikonza, ndipatse mpata." Daisy ankawerenga osayankha. Koma mtima unali utayamba kufewa, ndipo mwina akanayankha akanapanda kupita ku Limbe m'kati mwa sabatayo kukagula mankhwala a maso a bambo ake.

Anachiona ali patali. Pamwamba pa sitolo ya holoselo ya a Essop, bambo ake a Uzair, panali chikwangwani chachikulu. Lucy anali pamenepo, nkhope ili mbuu, maso ali tong'o, atanyamula thumba la ufa. Pansi pake analembapo kuti: UFA WOYERA MPAKA KUMANDA. Anyamata onyamula katundu ankaloza n'kumaseka.

Daisy sanadziwe kuti wawoloka bwanji msewu. Anangozindikira ali m'sitolomo, pamaso pa bambo wa imvi, wovala kachipewa koyera, amene anakhala kuseri kwa kauntala.

"Ndine mwana wa a Gervazio," anatero.

"Ndikukudziwa, mwana wanga. Khala pansi." A Essop anamukokera mpando okha, n'kuitanitsa tiyi. Ankalankhula mofatsa, Chichewa cha munthu wobadwira m'Limbe momwemo. "Ndaona nkhope yako, wakwiya ndi chikwangwani."

"Amene aja ndi amayi anga."

"Aja ndi a sewero. Ine mabuku a bambo ako sindinawerenge, sindikunamiza. Koma anthu akuseka, akusangalala. Masiku ovuta ano, kuseketsa anthu ndi tchimo?"

"Akanakhala amayi ake a Uzair, mukanawapachika pamwamba pa sitolo?"

A Essop anazunguza supuni m'kapu. "Funso lako ndi labwino," anatero pomaliza. "Ndiye poti wabwera, nanenso ndinene langa. Ndikudziwa za iwe ndi mwana wanga. Ulibe vuto, ndiwe mtsikana waulemu. Koma iwe uli ndi tchalitchi chako, ife tili ndi mzikiti wathu. Mayi ake anakambirana kale ndi banja lina ku Lilongwe za mtsikana woti amukwatire. Uzair ndi wofewa mtima, sangakuuze. Amaopa kukhumudwitsa anthu, ndiye amawakhumudwitsa mochedwa."

Mawu omalizawo anamulasa chifukwa anali oona.

"Chikwangwanicho iye anachiona?" anafunsa.

"Chithunzicho anabweretsa ndi iyeyo."

Tiyi uja sanamulawe. Atafika kunyumba anapeza bambo ake ali pakhonde okha.

"Ababa, munkanena kuti a Chrispine anakulankhulani za ine."

"Anandilankhula kalekale. Ndinawauza kuti mtima wako uli kwina."

"Suli kwina. Akafuna, atumize anthu awo."

A Gervazio anavula magalasi n'kumuyang'anitsitsa ndi maso awo ofookawo. "Ukulankhula ndi mtima, kapena ndi mkwiyo? Mawu a ukwati sabwezedwa ngati malaya osakwana."

"Ndi mtima wonse, Ababa."

Analowa m'nyumba, anatenga foni, n'kuitsekera nambala ya Uzair.

* * *

Loweruka la sabata yotsatira bambo ake anamuuza kuti akamange tsitsi chifukwa kubwera alendo madzulo. Daisy sanafunse kuti alendo ake ati. Chiyambireni sewerolo, a kutchalitchi ankabwera pafupipafupi kudzawapepesa ngati pagwa maliro.

Ku saluni wailesi inali yotsegula. Womanga tsitsi anali atafika pakati pa mutu pamene muulutsi anati, "Lero tikukambirana za sewero limene lagwedeza mzinda uno, Mboni za Kumanda. Muli ndi ine muno ndi mkulu wa sewerolo, a Uzair. Imbani, tiuzeni maganizo anu."

"Kwezani, kwezani!" anatero amayi a mu saluni.

Woyamba anali mnyamata wa ku Ndirande. "Bwana, musasinthe kanthu! Mayi Ufa ndi dilu. Mungowonjezera kuti aziuluka."

Wachiwiri anali bambo wachikulire amene anati anaphunzitsapo Chichewa. "Mwatenga mabuku aulemu n'kuwasandutsa chidole. Ndiponso mwaonetsa ngati anthu a ku Chigwa cha Shire timangokhalira mizukwa. Manyazi mulibe?"

Wina anati ana ake akuopa kupita kubafa okha. Wina anati iye amaonera chifukwa cha wapolisiyo, ngati sali pabanja amupatse nambala. Mu saluni munali chiphwete chokhachokha. Kenako kunabwera mawu a mayi wina, otsika, ochita ngati akuchokera patali.

"Ndine Ida, ndikuimba kuchokera ku Bangwe. Ine amuna anga anamwalira pa ngozi. Mchemwali wanga anandibwereka mabuku amenewa ndili pa chisoni. Ndinkati ndikamva fungo la malaya awo m'nyumba, ndinkaona ngati ndapenga. Mabukuwo anandiuza kuti sindinapenge, ndi chikondi chabe chimene sichinapeze kolowera. Ndiye nditamva kuti akubwera pa TV ndinaitana ana anga kuti aone chimene chinandichiritsa." Anapitiriza kuti, "Anandiseka, achimwene. Anati, 'Amayi, zimene munkalira nazo zija ndi zimenezi?'"

Amayi a mu saluni anasendera pafupi ndi wailesi. Ngakhale womanga tsitsi anaimitsa manja.

Uzair atayamba kulankhula, mawu ake anali osasa. "Mayi Ida, pepani. Amene mukusangalala nalo sewerolo, sindikukunyozani, kuseka si mlandu. Koma mzimu wa m'mabuku aja si nthabwala. Unali munthu weniweni, mkazi wa munthu, mayi wa munthu. Ine ndinadziwa zimenezo kuposa wina aliyense. Ndinalonjeza a Gervazio kuti ndidzausamala, ndipo pamene anzanga ankaupaka ufa ndinangoima n'kumayang'ana. Musanene a wailesi, musanene osewera. Wolakwa ndine."

"Ndiye mutani?" anafunsa muulutsi.

"Magawo otsalawo ndawachotsa. Mawa sewerolo silionetsedwa. Lidzabwereranso pokhapokha mwini mabuku atavomereza gawo lililonse, ndipo akakana, lathera pomwepa."

Mafoni anayamba kulira onse nthawi imodzi. Amayi a mu saluni anayamba kukangana, ena akuti wachita bwino, ena akuti ndiye Lamulungu tizionera chiyani. Daisy anaimirira.

"Asisi, sitinamalize!"

"Ndibweranso." Anakulunga duku kumutu, anatuluka, n'kuitsegula nambala ija ali m'njira.

"Uli kuti?" analemba.

Yankho linachedwa, chifukwa pulogalamu inali isanathe. Kenako linabwera: "Ndikupita kunyumba ku Nyambadwe. Papa andiitana."

* * *

Anamupeza kunja kwa geti, atakhala pa simenti ya ngalande pansi pa mtengo, chikwama cha zovala chili pambali, laputopu ili pamiyendo.

"Galimoto ili kuti?"

"Ndi ya Papa. Makiyi a nyumba ndi awonso." Anayesa kumwetulira. "Ati ndawachititsa manyazi pa wailesi, ndikaganize bwino kwina. Amayi akulira m'katimo."

Daisy anakhala pambali pake, kusiya kampata pakati.

"Ndinapita kusitolo kwanu," anatero. "Anandiuza kuti chithunzi cha pachikwangwani unabweretsa ndiwe."

"Ndinabweretsa zithunzi zolengezera sewero. Za ufazo anawonjezera okha. Nditachiona ndinakwera ndekha pamakwerero n'kuchitsitsa, anthu akundikuwiza. Ndinakutumizira uthenga tsiku lomwelo, koma sunkadutsa."

"Nanga banja la ku Lilongwe?"

"Ndinawakana chaka chatha. Ndawakananso lero, ndi chifukwa china chimene ndakhalira panja pano." Anamuyang'ana. "Ndikanakuuza kale zimenezi. Zonse ndimakuuza mochedwa, Daisy. Ndikudziwa."

Daisy anadziimba mlandu mumtima. Akanangoyankha meseji imodzi. Akanangomufunsa yekha m'malo mofunsa bambo ake.

"Pali chimene ndikufuna uone," anatero Uzair, akutsegula laputopu. "Gawo lachiwiri, mmene tinalijambulira poyamba, asanalisinthe. Ndinalisunga."

Pa sikirini panaoneka chipinda chaching'ono. Wapolisi Alufandika anakhala patebulo, mutu uli m'manja, mlandu utamukanika. Panalibe nyimbo, panalibe kukuwa. Katani inagwedera pang'ono ngakhale windo linali lotseka. Wapolisiyo anadzutsa mutu, ananunkhiza mpweya, nkhope yake n'kumasuka pang'onopang'ono. Anakoka mpando wina n'kuuika pafupi ndi wake. "Wafika," anatero motsitsa. "Khala, undithandize kuganiza."

Daisy anagwira pakamwa. Bambo ake ankachita chimodzimodzi ali wamng'ono, ankakoka mpando wopanda munthu akamalemba. Iye sanamuuzepo Uzair zimenezo. Mnyamatayo anazipeza yekha m'mabukumo.

Analira, ndipo kampata kaja kanatsekeka. Uzair anamugwira dzanja, nayenso misozi ili m'maso.

"Ababa ayenera kuona zimenezi," anatero Daisy atapukuta nkhope.

"Ndipite nawe lero lomwe. Akandithamangitsa, andithamangitse, koma ndikagwade. Ndipo ndikawauze zonse, za sewero ndi za ife. Sindikufunanso kuchedwa."

Daisy anafuna kumuuza zimene analankhula pakhonde tsiku lija. Anatsegula pakamwa, koma ataona mmene nkhope ya Uzair inawalira, anati mumtima, ndiyamba ndalankhula ndi Ababa pambali, ndiwauza kuti unali mkwiyo. Palibe chimene chachitika.

* * *

Anatsika minibasi dzuwa litapendeka, phiri la Soche litayamba kuponya mthunzi pa nyumba za m'munsi. Uzair ananyamula chikwama paphewa, laputopu m'khwapa. Atakhota pa kanjira ka kwawo, Daisy anaona galimoto yachilendo pageti. Pakhonde panali nsapato zambiri zopolishidwa bwino, ndipo kukhitchini kunkamveka mawu a azakhali ake a ku Chikwawa, amene sankabwera popanda chifukwa.

Daisy anaima pageti.

"Muli ndi alendo," anatero Uzair. "Ndidikire panja?"

Asanayankhe, chitseko chinatseguka. Azakhali aja anatuluka, ndipo atangomuona analuluta mpaka agalu a oyandikana nawo anauwa.

"Wafika! Mwini nkhani wafika! Iwe, tsitsi losamaliza pa tsiku ngati lino?"

Anamukoka dzanja kulowa naye pabalaza. Munali amuna achikulire ovala masuti, ndipo pakona panakhala Chrispine, manja ali pamaondo, akumwetulira mwamanyazi. A Gervazio anali atavala jekete ndi tayi. Nkhope yawo inali yowala, koyamba chiyambireni sewero lija.

"Mbeta yathu ndi imeneyi?" anafunsa mmodzi wa alendowo, amalume ake a Chrispine.

"Ndi yomweyi," anayankha a Gervazio monyadira. "Ndipo sindinamukakamize. Ndinamufunsa ngati akulankhula ndi mkwiyo, iye anati ndi mtima wonse. Anati ndiwauze a Chrispine atumize anthu awo. Si choncho, mwana wanga?"

Maso onse anali pa iye. Daisy anayang'ana bambo ake, amene iye anali atawaphwanyira kale lonjezo lija la sewero pamaso pa anthu. Kenako anacheuka. Uzair anali ataima pakhomo, nsapato imodzi atavula kale, ina ili kuphazi.

"Daisy," anatero motsitsa, "akunena zoona?"

Daisy anafuna kutsutsa, koma bodza linakana kutuluka.

"Ndinanena," anayankha.

Uzair anawerama pang'onopang'ono n'kuyamba kuvalanso nsapato ija.